Kuchokera ku Mudi Mpaka ku Nguludi: Mbiri ya Madzi Akumwa a Mzinda wa Blantyre

Kusanabwere mpopi, mapiri a Chiradzulu, Ndirande, Soche, Michiru ndi Mpingwe ndiwo ankamwetsa anthu a dera lino. Mvula ikagwa pankhalango za m'mapirimo inkalowa m'nthaka pang'onopang'ono, n'kudzatulukira m'munsi pa akasupe, ndipo akasupewo ndiwo ankabala mitsinje ya Mudi, Naperi, Lunzu, Mombezi ndi Namadzi. Amang'anja amene ankakhala kuno anali ndi mwambo wawo wa madzi. Potunga pankakhala kumtunda, posamba ndi pochapa kumunsi, ndipo ziweto zinkamwera kumunsi kwenikweni. Mitengo ya katope ndi mikuyu yozungulira kasupe sinkagwetsedwa wamba. Madzi akafika pakhomo ankakhala mumtsuko wovundikira, wokhala ndi chikho chake. Palibe amene ankadziwa za tizilombo tosaoneka ndi maso, koma mwambowo unkagwira ntchito, makamaka chifukwa anthu anali ochepa ndipo midzi inali yotalikirana.

Mbiri yolembedwa ya matenda obwera ndi madzi m'dera lathu imayambira ku Magomero, chakumalire a Chiradzulu ndi Zomba. M'mwezi wa July 1861, Bishopu Charles Mackenzie ndi anzake a mishoni ya UMCA, moperekezedwa ndi David Livingstone, anamanga misasa pamalo amene mtsinje wa Namadzi umakhota n'kutsala pang'ono kuwazungulira. Anasankhapo poganizira chitetezo, popeza inali nthawi ya nkhondo ndi malonda a akapolo. Anthu amene anawomboledwa m'magoli anadzakhala pomwepo, ena othawa nkhondo n'kuwonjezekera, mpaka kamalo kaja kanadzaza. Mvula itayamba, zonyansa za pamsasa zinkatsikira m'madzi omwewo amene anthu ankamwa, ndipo kamwazi anagwira azungu ndi anthu akuda omwe. Mackenzie anafera kutali, kumene mtsinje wa Ruo umathira mu Shire, mu January 1862, ndipo patangopita miyezi yochepa otsalawo anasamukira kwa Chibisa ku Chikwawa. Panthawiyo n'kuti patangopita zaka zisanu ndi ziwiri chichokereni pamene dokotala John Snow anasonyeza ku London, mu 1854, kuti kolera amene ankapha anthu m'dera lina la mzindawo ankachokera pa chitsime chimodzi cha mumsewu wa Broad Street. Ambiri ankakhulupirirabe kuti matenda otere amabwera ndi mpweya woipa. Zinatenga mpaka cha m'ma 1883 ndi 1884 kuti Robert Koch asonyeze kachilombo koyambitsa kolera.

Mu October 1876 amishoni a Church of Scotland anafika m'dziko la mfumu Kapeni, pamalo amene Henry Henderson anasankha motsogozedwa ndi Tom Bokwito. Anatcha malowo Blantyre, dzina la kwawo kwa Livingstone. Chimodzi mwa zimene zinawakopa chinali madzi oyenda chaka chonse, ndipo chaka chotsatira James Stewart, katswiri wa zomangamanga amene anagwirapo ntchito ku India, anakonza malo a mishoniyo ndi ngalande yobweretsa madzi ku minda yake. Kampani ya African Lakes inabwera mu 1878, nyumba ya Mandala inamangidwa mu 1882, dziko linalowa m'manja mwa Britain mu 1891, ndipo mu 1895 Blantyre anazindikiridwa ngati tauni. Njanji inafika mu 1908 ndipo tauni ya Limbe inayamba mu 1909. Zaka zonsezi madzi a m'tauni ankachokera m'zitsime, m'matanki okolola mvula pamalata, ndi m'mitsinje, ndipo ankafika m'nyumba za azungu ndi amwenye pamutu kapena pamapewa pa antchito.

Ku Chiradzulu nako zinthu zinkasintha. Ayao a mafumu monga Mpama ndi Kadewere anali atakhazikika, ndipo Alomwe ankalowa ambirimbiri kuchokera ku Mozambique, ena n'kukhala m'maesiteti pansi pa thangata. John Chilembwe anatsegula Providence Industrial Mission ku Mbombwe mu 1900, ansembe a Montfort anamanga mishoni ku Nguludi m'zaka zoyambirira zomwezo, ndipo mishoni ya Nguludiyo inatenthedwa pa kuukira kwa mu January 1915. Chofunika pankhani yathu n'chakuti kuyambira nthawi imeneyi boma la Chiradzulu linakhala limodzi mwa maboma othithikana kwambiri ndi anthu m'dziko muno. Minda inayandikira akasupe, mitengo inayamba kutha, ndipo kumunsi kwa mudzi wina kunasanduka kumtunda kwa mudzi wina.

Mpopi unayamba ndi damu la Hynde pamtsinje wa Mudi. Bungwe la Blantyre Water Board linakhazikitsidwa mu January 1929, ndipo madzi oyamba a m'mapaipi anafika m'tauni mu 1930. Wina angafunse chifukwa chimene akuluakulu a nthawiyo sanayang'ane ku Shire, mtsinje waukulu kwambiri m'dziko muno. Chifukwa china n'chakuti tauniyo inali yaing'ono ndipo Mudi ankaikwanira. China n'chakuti Shire wa masiku amenewo sanali wodalirika. Kuyambira cha m'ma 1915 mpaka cha m'ma 1935 nyanja ya Malawi inatsika kwambiri moti mchenga unatseka potulukira pake, ndipo madzi a m'nyanja analeka kutsikira mu Shire. Pali okalamba amene anamva kwa makolo awo kuti anthu ankalima m'khwawa la mtsinjewo. Mfundo imeneyi ndi yoyenera kuisunga, pakuti mzinda wonse unadzatsamira pa mtsinje womwewu.

Tinenenso poyera kuti mpopi wa 1930 sunali wa aliyense. Unkathera m'madera a azungu ndi amalonda. Anthu akuda amene ankagwira ntchito m'masitolo, m'mafakitale a fodya ndi ku njanji ankagona m'midzi yozungulira tauni, monga Ndirande, ndipo kumeneko ankamwabe madzi a m'zitsime ndi m'timitsinje. Mapu a mapaipi a mzinda wa Blantyre anajambulidwa motero pachiyambi, ndipo mpaka lero amene akuyenda kuchokera ku Namiwawa kupita ku Ntopwa amaona ndi maso kuti chiyambicho sichinafufutike.

Chilala cha 1949, chimene chinabweretsa njala yoopsa m'boma la Blantyre ndi madera oyandikana nalo, chinasonyeza kuti damu laling'ono silingasunge tauni imene ikukula. Mu 1953 anamanga damu la Mudi chakumtunda pang'ono kwa la Hynde, m'munsi mwa phiri la Ndirande. Madzi ake anali abwino chifukwa phirilo linali ndi nkhalango, ndipo ankafika m'damu atasefedwa kale ndi mizu ndi masamba. Mu 1956 Blantyre ndi Limbe anaphatikizidwa kukhala tauni imodzi, mu 1958 chipatala cha Queen Elizabeth chinatsegulidwa, mafakitale anachuluka, ndipo pasanathe zaka khumi damu latsopanolo nalo linachepa.

Apa m'pamene mzinda unatsikira ku Shire. Mu 1963, dziko litatsala pang'ono kulandira ufulu, malo opopera ndi kuyeretsera madzi a Walker's Ferry anayamba kugwira ntchito, pamtunda wa makilomita pafupifupi 40 kuchokera mumzinda. Shire tsopano ankayenda bwino, ndipo mu 1965 anamanga chotchingira madzi cha Kamuzu Barrage ku Liwonde kuti aziwongolera kayendedwe kake. Vuto la Walker's Ferry ndi lakuti mtsinje uli pansi, mzinda uli pamwamba. Madzi amayenera kukwezedwa mamita pafupifupi 800, ndipo sangakwere ulendo umodzi: makina a ku Walker's Ferry amawakankhira ku Chileka, a ku Chileka n'kuwakankhiranso kumatanki a mumzinda. Zonsezi zimadya magetsi ochuluka, ndipo gawo lalikulu la ndalama zimene bungwe la madzi limatolera limathera kulipira magetsiwo. Kuyambira 1966, pamene makina oyamba a ku Nkula anayaka, madzi a Blantyre ndi magetsi a kumeneko akhala akuyendera limodzi. Magetsi akathima, mipopi imauma.

Tiime pang'ono pa Walker's Ferry kuti tione chimene chimachitikira madzi, popeza ambiri amene amawamwa sanaonepo. Madzi a Shire amafika ali odera, makamaka nthawi ya dzinja pamene mitsinje ing'onoing'ono imathiramo dothi lokokoloka m'minda ya ku Balaka, Ntcheu ndi Neno. Poyamba amadutsa pa zitsulo zotchinga zinyalala ndi udzu. Kenaka amathiridwa mankhwala ogwirizanitsa tinthu ta matope kuti tikhale timibulu tolemera, ndipo m'matanki aakulu timibuluto timadikha pansi. Madzi a pamwamba amapita pa zosefera za mchenga. Pomaliza amathiridwa klorini, mankhwala amene mizinda ya dziko lapansi inayamba kuwagwiritsa ntchito mosalekeza kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900, monga Jersey City ku America mu 1908. Dongosolo limeneli lili ndi chifukwa chake. Klorini sagwira bwino ntchito m'madzi amatope, pakuti tizilombo timabisala m'tinthu ta dothi. Choncho dothi likachuluka mu Shire, mankhwala amafunika ambiri, zosefera zimatsekeka msanga, ndipo madzi otuluka patsiku amachepa. Mlimi wolima m'mphepete mwa mtsinje ku Neno amakhudza kapu ya madzi ya mwana wa ku Chilomoni, ngakhale awiriwo sadzaonana.

Klorini sathiridwa kuti angopha tizilombo pamalo oyeretsera pokha. Pamafunika kuti wina atsale m'madzi, pang'ono chabe, cha pakati pa mamiligalamu 0.2 ndi 0.5 pa lita imodzi pofika pa mpopi, kuti aziteteza madziwo ulendo wonse wa m'mapaipi. Kafungo kamene ena amadandaula nako m'madzi a pampopi ndi chizindikiro choti chitetezocho chafika pakhomo. Muyezo wina, umene bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO limagwiritsa ntchito, ndi woti m'mamililita 100 a madzi akumwa musapezeke kachilombo ka E. coli ngakhale kamodzi, chifukwa kakapezeka ndiye kuti chimbudzi chalowa m'madzimo. Kuno kwathu bungwe la Malawi Bureau of Standards, limene linakhazikitsidwa mu 1972, lili ndi muyezo wa MS 214 wa madzi akumwa oyeretsedwa, ndi wa MS 733 wa madzi a pamjigo ndi zitsime zotetezedwa.

Pamene mzinda unkakoka madzi kuchokera m'chigwa, midzi inapeza njira ina. Mu 1968 ku Chingale m'boma la Zomba kunayamba ntchito ya mipopi yoyenda yokha kuchokera m'mapiri, popanda makina kapena magetsi. Boma linkapereka mapaipi ndi alangizi, anthu a m'midzi n'kumakumba okha ngalande. Ntchitoyi inakula kwambiri kuzungulira phiri la Mulanje m'zaka za m'ma 1970, ndipo inafika mpaka ku Namitambo. Alendo ochokera m'mayiko ena ankabwera kudzaphunzira. Madzi a mipopi imeneyi nthawi zambiri sankathiridwa mankhwala, popeza ankatengedwa pamwamba pa phiri kumene kunalibe midzi. Ubwino wake unkadalira nkhalango basi. Kumene mipopiyi sinafike, ndipo ndi mbali yaikulu ya Chiradzulu, kunabwera mijigo. Pampu ya Afridev imene ili pamijigo yambiri mu Africa lero inachokera ku pampu ina imene inayesedwa m'Malawi muno kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1980.

M'zaka zomwezo kunalowa mlendo woipa. Kolera anapezeka koyamba m'Malawi mu 1973, ndipo chiyambireni wakhala akubwerera pafupifupi dzinja lililonse.

Lamulo la Blantyre Water Works Act la 1971 linakonzanso bungwe la madzi, ndipo la Waterworks Act la 1995 linaika mabungwe asanu m'dziko lonse: la Blantyre, la Lilongwe, ndi atatu a zigawo za kumpoto, pakati ndi kumwera. Koma zaka za m'ma 1990 zimakumbukika ndi chinthu china. Nkhalango ya paphiri la Ndirande inadulidwa yonse m'zaka zochepa chabe, anthu n'kukwera kukalima chimanga mpaka m'malo otsetsereka. Dothi linatsikira m'damu la Mudi, damulo linayamba kukwiririka, ndipo madzi amene kale ankangofuna kusefedwa pang'ono anakhala ofiira nthawi ya mvula. Kumunsi kwa damu, mtsinje wa Mudi unasanduka ngalande ya zonyansa za m'mafakitale ndi za mapaipi a zimbudzi ophulika. Aliyense wodutsa pafupi ndi msika wa Blantyre nthawi yotentha amaudziwa ndi mphuno. Ndi mtsinje womwe uja umene unakopa Henderson ndi Bokwito, ndipo zimandiwawa kuti ana obadwa lero sakhulupirira kuti anthu ankamwa madzi ake.

Anthu nawo anachuluka. Kalembera wa 1966 anapeza anthu opitirira pang'ono 100,000 mumzinda wa Blantyre, pamene wa 2018 anapeza pafupifupi 800,000, ambiri a iwo m'madera othithikana monga Ndirande, Bangwe, Mbayani, Chilobwe ndi Kachere. Kumeneko madzi amagulidwa pa kiosiki ndi ndowa, ndipo makiosiki ambiri anadzaperekedwa m'manja mwa magulu a anthu a m'deralo otchedwa Water Users Association. Ntchito yokonzanso Walker's Ferry inakweza madzi ake kufika malita 96 miliyoni patsiku, komabe sanakwanire, ndipo pafupifupi theka la madzi onse opopedwa limatayika m'mapaipi otha ntchito, kubedwa, kapena kusalipiridwa.

Kusowa kwa madzi ndi kuipa kwa madzi ndi mavuto apachibale. Paipi yodzaza imakankhira madzi kunja pa ming'alu yake, ndipo zonyansa sizingalowe. Paipi ikauma imayamwa zimene zaizungulira, ndipo ngati yadutsa m'ngalande kapena pafupi ndi chimbudzi chokumba, madzi akabweranso amayamba ndi kutulutsa zimene yayamwazo. Komanso mpopi ukauma masiku atatu, mayi sangadikire: amatsikira kumtsinje kapena kuchitsime chosatetezedwa. Kuyambira 2011 madokotala a ku Queen Elizabeth anaona matenda a taifodi akukwera mwadzidzidzi, a mtundu wosamva mankhwala amene ankagwiritsidwa ntchito kale. Ofufuza atalondola ana odwalawo m'makomo anapeza kuti chimodzi mwa zimene zinkawaika pachiopsezo chinali kuphikira ndi kutsukira ziwiya madzi a mumtsinje, ngakhale pabanjapo atamwa a pampopi. Katemera watsopano wa taifodi anayesedwa pa ana pafupifupi 28,000 a ku Ndirande ndi Zingwangwa kuyambira 2018, ndipo mu 2023 anayamba kuperekedwa m'dziko lonse.

Tsopano mbiriyi ikubwerera ku Chiradzulu. Pofuna gwero lachitatu, bungwe la madzi linayang'ana kum'mawa, ku mtsinje wa Likhubula wotsika paphiri la Mulanje. Uyu asasokonezedwe ndi Likhubula wina wodutsa mumzinda wa Blantyre. Ndalama za ntchito yokoka madziwo, madola 23.5 miliyoni, zinali ngongole yochokera ku Exim Bank ya ku India. Anthu ena a ku Mulanje anakana ntchitoyi kwa nthawi ndithu. Ankafunsa chifukwa chimene madzi a phiri lawo apitire kutauni pamene midzi ya m'munsi mwa phirilo ilibe mipopi yodalirika, ndipo ankafuna kuti mitengo ibzalidwe kaye. Funso lawo linali lomveka, ndipo ine ndimaliona kuti ndi limodzi mwa mafunso anzeru kwambiri amene anafunsidwapo m'mbiri yonseyi. Ntchito inapitirira, ndipo mu 2019 madzi a Likhubula anayamba kuyenda. Amatsika okha m'mapaipi kudutsa chigwa mpaka ku Nguludi, dera la mishoni yakale ija, kumene lero kulinso chipatala cha St Joseph ndi yunivesite ya Katolika. Pamenepo pali malo oyeretsera malita 20 miliyoni patsiku, ndipo akayeretsedwa amapopedwa kupita ku thanki ya paphiri la Mpingwe kuti akamwetse Limbe, Bangwe ndi madera a kum'mawa kwa mzinda, pamodzi ndi mbali zina za Chiradzulu ndi Thyolo. Madzi a m'phiri amafika oyera kuposa a Shire ndipo safuna magetsi ochuluka chotero. Koma nawonso ali ndi nyengo yake: m'chilimwe Likhubula amachepa, ndipo kuchepako kudzakula ngati nkhalango ya Mulanje ipitirira kutha ndi macheka, makala ndi moto.

Zaka zaposachedwa zayesa zonsezi. Mu January 2022 namondwe Ana anawononga malo opangira magetsi a Kapichira, ndipo kuthimathima kwa magetsi kunavutitsa dziko kupitirira chaka. Mu March chaka chomwecho kolera anabuka ku Machinga n'kufalikira maboma onse, mpaka kudwalitsa anthu pafupifupi 59,000 ndi kupha oposa 1,700, mliri wa kolera woopsa kuposa yonse m'mbiri ya dziko lino. Mu January 2023 sukulu za m'mizinda ya Blantyre ndi Lilongwe zinachedwa kutsegulidwa chifukwa cha matendawa. Patangopita miyezi iwiri kunabwera namondwe Freddy. Matope ndi miyala zinatsika paphiri la Soche n'kukwirira nyumba ku Chilobwe, ndipo ku Chiradzulu mudzi wa Ntauchira kwa mfumu yaikulu Likoswe unakokoloka. Mapaipi anaduka, zimbudzi zinagumuka, zitsime ndi mijigo zinalowa madzi osefukira. Alangizi a zaumoyo ankayenda m'misasa ndi m'midzi akugawa klorini wothira m'ndowa. M'chaka chomwecho Banki Yaikulu ya Dziko Lonse inavomereza madola 145 miliyoni okonzera mapaipi a madzi ndi a zimbudzi mumzinda wa Blantyre.

Kalembera wa 2018 anapeza anthu oposa 350,000 m'boma la Chiradzulu, ndipo ochuluka mwa iwo amamwabe madzi a pamjigo, ena a pachitsime. Kwa zaka zambiri kwakhala kukukambidwa za damu pamtsinje wa Mombezi loti lidzathandize Blantyre. Ngati tsikulo lidzafike, anthu a Chiradzulu adzafunsidwa kupereka malo ndi kusamala mtsinje, monga anafunsidwira a ku Mulanje. Mafumu, makhansala ndi aphungu a boma la Chiradzulu adzakhale pa zokambiranazo kuyambira tsiku loyamba, ndipo adzaonetsetse kuti zalembedwa pa pepala kuti midzi imene paipi ikudutsamo idzakhala ndi mipopi yake, kuti mitengo ya m'mbali mwa Mombezi idzabzalidwa damu lisanamangidwe, ndi kuti zotsatira za kuyeza madzi zizidzalengezedwa kwa anthu owamwa.